Nkhasi ya m'Dziwe la Kuchulu

Sukulu ndinalekera giredi folo, koma kuwerenga sindinaleke. Chilichonse cholembedwa ndimawerenga, kaya chikwangwani, kaya pepala la mankhwala a mbuzi, kaya thumba la feteleza. Akazi anga amati tsiku lina galimoto idzandigunda ndili kalikiliki kuwerenga nambala yake. Buku limene linandilowetsa m'nkhani iyi ndinalipeza pamsika wa Kapata, m'manja mwa mayi wina wogulitsa mtedza wokazinga. Ankang'amba tsamba limodzilimodzi n'kumakulungira mtedzawo. Nditaona chithunzi cha nsomba ndinamupempha lotsalalo, ine n'kumubweretsera manyuzipepala akale. Linali buku lophunzitsa kuweta nsomba pakhomo, koma linkayambira pakati. Masamba onena za kasankhidwe ka malo okumbapo dziwe anali atapita kale ndi mtedza.

Nthawiyo n'kuti nditangopuma ntchito ya umesenjala, ndipo tinkafuna kuchoka m'nyumba ya lendi. Malo tinali nawo, munda wakale wa malemu apongozi anga, m'munsi mwa phiri, kumene tauni ya Chipata yafika tsopano n'kumeza midzi. Kumunsi kwa mundawo, cha kudambo, kunali chulu chachikulu chomera tchire. Tsiku loyamba kuyendera malowo akazi anga anati, "Mumange paliponse, bambo, koma kuchulu uko kusiyeni."

"Kuli chiyani?"

"Kusiyeni basi."

Ine ndinati ndi njoka. Munthu wowerenga mabuku saopa njoka, bola akhale ndi anyamata aganyu oti atsogole.

Tili ndi mwana mmodzi, wamkazi, wokwatiwa ku Chipangali. Akanakhala awiri, koma woyamba anabadwa atafa kale, tidakali achinyamata, tikukhala m'mudzi womwewu kwa apongozi. Ine ndinangouzidwa pakhonde kuti zalephereka, musalire, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso. Tsono chaka chomanga nyumbacho, mwana wathu uja mimba yake yoyamba inapita padera, ndipo amake anapita kukakhala naye miyezi iwiri. Ndinatsala ndekha ndi nzeru zanga. Ndinafuna kuti akamabwera adzapeze njerwa zitawotchedwa kale, adzadziwe kuti anakwatiwa ndi mwamuna. Oumba njerwa amene ndinawalemba anali alendo m'dera lino. Anayenda munda wonse akufinya dothi m'manja, nati dothi labwino lili patsinde pa chulu. Ndinati kumbani.

Sanapite pansi kwenikweni pamene makasu anayamba kugunda mapale. Mapale ambiri, ena aakulu ngati theka la mphika, ovundikirika, ndi tinsanza towola tong'ambika tokha ukatigwira. Mmodzi wa oumbawo anaima n'kundiyang'ana. Ine ndinamufotokozera mwaukatswiri kuti pamenepo panali dzala la mudzi wakale, ndipo zotere ndinaziwerengapo. Anapitiriza, ndipo zonse zinapondedwa pamodzi ndi dothi.

Akazi anga atabwera, ndinawatenga kukawaonetsa uvuni wa njerwa zofiira bwino. Iwo maso sanali pa njerwa. Anali pa dzenje. Anaima nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pomwepo, padothi, ndi chitenje chawo chapaulendo, miyendo atatambasula. Ndinati ndi kutopa kwa basi.

Nyumba inatha, tinalowamo. Mvula itagwa dzenje lija linadzaza, ndipo mvula itatha silinaphwe. Mwezi wa Okutobala zitsime za anzathu zinauma, amayi akulawirira kukadikira madzi kumpopi, koma kuseri kwathu madzi ali nde, akuda bii, ozizira ngati a mumtsuko. Ndinatsegula buku langa, ndipo buku linati pamalo otere pali kasupe. Ndinasalaza m'mbali, ndinadzala udzu, ndinaika mwala waukulu wafulati pakati kuti ndizipondapo, ndinagula tiana ta nsomba kwa mlimi wina wa kumadimba n'kubwera nato m'ndowa panjinga, madzi akukhavukira m'nsapato. Ndinkazidyetsa gaga ndi masamba a chinangwa. Zinakula msanga kuposa mmene buku linanenera, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina wolemba bukulo akanaphunzirapo kanthu kwa ine.

Akazi anga nsombazo sanadyepo ngakhale imodzi. Kuphika ankakana, mpaka ndinkadziwotchera ndekha pambaula ngati mbeta. Chingwe choyanikira zovala anachisamutsira kumaso kwa nyumba. Kuseri sankapitako, ine ndikuona. Nkhuku zathu nazonso sizinkamwa madzi a m'dziwemo. Zinkadutsa m'mbali mwake kukamwa m'chigubu chodula cha pakhomo la khitchini. Za nkhuku buku silinanene kanthu.

Nkhasi inabwera yokha. Kwa amene sanaionepo, nkhasi ndi kamba wa m'madzi, wa chigoba chafulati chakuda, khosi lalitali lopindira m'mbali, ndipo ukaigwira imakusiyira fungo loti sopo amalephera. Ndinaipeza tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, itakwera pamwala wanga uja. Siinathawe. Nkhasi zonse zimene ndinaziona ndili mwana zinkati zikangomva mapazi, chubwi m'madzi. Iyi inangosolola khosi n'kuyang'ana kunyumba, pazenera la chipinda chathu chogona, ili ndwii.

Kuyambira tsikulo, masana alionse inali pamwalapo. Ndipo ndinayamba kuona zina zimene mwina zinalipo kale koma sindinkazisamala. Nthawi imeneyo ya masana kuseri kunkangoti zii. Njiwa za pachulu zinkaleka kulira. Nsomba zanga, zimene m'mawa zinkalimbirana gaga, zinkandanda pamwamba pa madzi, mitu yonse italoza kutsinde kwa chulu, osagwedezeka. Ndinadziuza kuti zikufuna mthunzi. Koma dzuwa likakhala paliwombo, pamenepo palibe mthunzi.

Buku linali ndi ndime ya adani a nsomba, ndipo nkhasi inalimo, pakati pa ng'azi ndi akuba. Tsiku lina ndinapezanso akazi anga ataima pakona ya nyumba, dzanja lili pakamwa, akuiyang'ana, nayonso ikuwayang'ana. Ndinati mayi awa akuopa chinthuchi, n'chifukwa chake kuseri sakufikako. Ndinaikola ndi lichero lakale, ndinaiponya m'thumba, n'kukaisiya kudambo, patali ndithu. Patapita masiku atatu, masana, inali pamwala.

Ndinati iyi ndi ina, nkhasi zimafanana. Kuti nditsimikize mwasayansi, ndinaidontheza utoto wabuluu wotsala pa chitseko, kadontho kamodzi pamsana. Ulendo uno ndinapalasa njinga mpaka kuoloka msewu wa tala, kudutsa chigayo, n'kukaitsitsa mumtsinje. Panapita masabata awiri. Lamulungu lina tikuchokera ku Misa, ndinazungulira kuseri kukaona nsomba, ndipo kadontho kabuluu kanali kakuwala pamwala.

Masiku omwewo mwana wathu anaimba foni kuti ali ndi pakati penanso, miyezi yapita kale isanu ndi iwiri, ankaopa kunena msanga. Tinagwirizana kuti nthawi ikayandikira abwere adzadikirire kwathu, popeza ife tili pafupi ndi chipatala ndipo kwawoko msewu ndi wovuta. Ine ndinakondwa mpaka kuyamba kupaka laimu m'chipinda chaching'ono. Amake anandipeza ndili pamwamba pa mpando, burashi m'manja.

"Mwana sabwera pano," anatero.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Sabwera pano inu mukusewera ndi madzi aja."

"Madzi alakwanji? Nenani chimene chavuta, ndikonze."

"Si zonena ine kwa inu," anatero, n'kutuluka.

Ndinakhala pampandopo, laimu akudontha pamwendo, ndikusinkhasinkha monga munthu wophunzira. Ndinapeza yankho. Vuto ndi nkhasi. Mayi wapakati sayenera kuona chinthu chonyansa chotere, ndipo amake akuchita manyazi kuvomera kuti amakhulupirira zimenezo. M'mawa mwake ndinaimanga m'thumba, ndinakwera nayo minibasi ya njira ya ku Chipangali, anthu akutseka mphuno n'kumafunsana kuti ndani wanyamula chovunda. Ndinatsika patali, pa kamlatho kena, ndinayendanso wapansi kutsata khwawa mpaka pa thamanda la bango. Pamenepo ndinaimasula. Siinalowe m'madzi. Inangokhala pamatope ikundiyang'ana mpaka ndinapotoloka, ndipo ndikukwera mtunda ndinkamva kumsana kuti ikundiyang'anabe.

Kunyumba ndinafika monyada. "Mayi, chinthu chija chapita. Ulendo uno sichibweranso. Muuzeni mwana akonzeke."

Anali akusankha nyemba. Lichero linapendekeka, nyemba n'kumwazika pakhonde ponse, iwo osatola. "Mwakamusiya kuti?" anafunsa, mawu ali pansipansi.

Ndinawauza. Analowa m'nyumba n'kukagona chafufumimba, masana. Tsiku limenelo sanadye, mawa lake anangomwa tiyi. Sabata inatha, yachiwiri inatha, mwala uli wokhawokha. Tsopano ndi pamene anayamba kupita kuseri. Masana alionse ankaima pakona paja kuyang'ana mwalawo, kenaka n'kubwerera. Mwana akaimba foni kufunsa tsiku lobwera, ankamuuza kuti dikira pang'ono. Ine ndinkamva mawu a mwanayo akutuluka m'foni, akuti, "Amama, miyendo yayamba kutupa, kuno galimoto ndi za mwayi." Amake ankangoti dikira.

Amene anandimasula ndi alamu anga, akulu awo a akazi anga, a ku Kasenengwa. Ine ndi iwo timanyozana kuyambira tsiku la chinkhoswe. Anafika ndi thumba la mbatata pamutu, analowa kuchipinda kwa mng'ono wawo, anakhalamo nthawi yaitali, kenaka anatuluka n'kundipeza pansi pa mpapaya ndili ndi buku langa.

"Aprofesa," anatero, "tsekani kaye chimenecho, mungathe maso musanaone mdzukulu."

"Alamu, mwabwera ndi mbatata kapena ndi mlandu?"

"Zonse ziwiri. Mbatata ndi za mng'ono wanga." Anakhala pamphasa, anakonza chitenje, ndipo nkhope inasintha. "Zimene ndikuuzeni pano, mwamuna sauzidwa. Ndikuuzani chifukwa mukapanda kuuzidwa mutipweteketsa tonse. Mwana wobadwa atafa kale, mtayo, mumadziwa amapita kuti?"

Ndinati sindidziwa. Kunena zoona, ndinali ndisanadzifunsepo.

"Kumanda sapita. Adzukulu sakumba, bokosi palibe, kulira palibe. Timanyamula ife amayi tokhatokha, masana dzuwa lili pamutu, amuna muli kumunda kapena kumowa. Timapita pamalo ozizira, pafupi ndi dambo. Timakumba pang'ono chabe, kufika apa," analoza pachigongono, "chifukwa mukamuika mozama mwatseka mimba ya amake. Timavundikira phale pamwamba, basi, n'kubwerako osacheuka. Mudzi uno malo ake anali patsinde pa chulu icho. Kuyambira agogo athu."

Ndinayang'ana kuchulu. Ndinayang'ana khoma la nyumba yanga, njerwa zofiira bwino zija, zosapaka pulasitala.

"Wathu uja?" ndinafunsa.

"Ndinanyamula ndine. Amayi anakumba."

Zaka makumi atatu ndi mphambu ndinali ndisanamuganizirepo ngati munthu woti ali penapake. Ndinkamuganizira ngati mawu aja a pakhonde, zalephereka. Ndinakumbuka mapale, ndi mmene ndinamuphunzitsira woumba njerwa uja za dzala la mudzi wakale. Ndinakumbukanso nsomba zonse zimene ndinadya ndekha pambaula, ndikudzitama kuti zanona.

Ndinaimirira. "Ndikwirira lero lomwe. Wilibala ilipo, dothi ndikatenga kumtunda."

"Khalani pansi, inu! Mwaona? N'chifukwa chake simuuzidwa. Mukangomva kanthu, khasu. Dzenje lija ndi lofika m'chiuno. Mukalikwirira, mwawaika mozama bwanji ana aja? Ndipo wokwirirayo ndinu, atate ake a mwana wapakati. Mukufuna mwana wanu asadzaberekepo kumsana?"

Ndinakhala pansi.

"Madzi alibe mlandu," anapitiriza. "Kuzizira ndi kumene timafuna. Chimene chikumudwalitsa mng'ono wanga ndi inu kulowamo ndi miyendo yanu yaubweyayo, kuvuula, kuwedza, kudya. Ndiye chabwera chamoyo chimodzi, chokha, chosaitanidwa, chakhala pamenepo n'kumayang'ana pazenera la amake. Inu mwachitaya katatu."

"Alamu, ija ndi nkhasi. M'buku muno ilimo."

"Ine ndati ndi njovu? Ndi nkhasi, inde. Mng'ono wanga amapita ku Misa kuposa inu, akudziwa kuti ndi nkhasi. Koma iye wanena kuti mwana wake salowa pakhomo pamene wina wapirikitsidwa. Mukatsutsane naye ndi buku lanulo."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi yoyamba. Ndinatsika pa kamlatho kaja, ndinatsata khwawa, koma thamanda ndinalipeza litauma, matope atang'ambikang'ambika, bango litatenthedwa ndi osaka mbewa. Ndinafukula ndi ndodo paliponse pofewa. Amayi ena ochokera kudimba anaima kundiyang'ana, mkulu wa imvi, jekete lakutchalitchi, akukwawa m'phulusa. Mmodzi anafunsa kuti atate mwataya chiyani. Ndinati nkhasi ya kadontho kabuluu. Anayang'anana, n'kupitiriza ulendo mofulumirirapo.

Ndinapitako masiku atatu otsatizana. Tsiku lachitatu ndinabwerako msanga, chifukwa kunalibenso poti ndifukule. Ndinafika pakhomo masana, kukutentha koti nkhuku zili yasa kukamwa pansi pa nkhokwe, mvula isanagwe ngakhale dontho chaka chimenecho. Ndikutsegula kageti ndinaona mkwasa pafumbi, wotambalala ngati chikhato, timapazi m'mbali zonse ziwiri. Unali wonyowa. Ndinagwada n'kuugwira kuti nditsimikize, ndipo matope anandikakamira kuchala. Kuchokera kumsewu mpaka pageti pathu palibe madzi paliponse.

Mkwasawo sunalunjike kudziwe. Unapita kukhoma la chipinda chathu chogona, n'kutsata khomalo m'munsi mwenimweni, kukhudza njerwa kuyambira kona iyi mpaka kona inayo, kenaka ndi pamene unakhotera kuseri. Ndinautsata pang'onopang'ono. Njiwa zinali chete. Pakona ndinapeza akazi anga ndi alamu ataima. Pamwala panali nkhasi, yowonda khosi, chigoba chotuwa ndi phulusa, kadontho kabuluu katatsala pang'ono kufufutika.

Madzulo ake akazi anga anamuimbira foni mwana wathu. "Ubwere Loweruka," anatero. Kenaka anapempha phala.

Mawa lake alamu anabwera ndi amayi awiri achikulire a mudzi wakale, ndipo ananditumiza kutauni kukagula mchere umene m'nyumba unalimo kale. Anati ndisabwere dzuwa lisanapendeke. Ndinakhala pakhonde la sitolo ina ndikuwerenga chikwangwani chimodzi kambirimbiri. Zimene anachita kuseriko sindinafunse, ndipo sindinauzidwe. Ndinangopeza mbedza zanga ndi kaukonde zitaikidwa bwinobwino pageti, kunja. Pambuyo pake anandilola kumanga mpanda wa bango kuzungulira dziwe, bola nsanamira ndikumbe kutali ndi chulu, ndiponso mosazamitsa. Gaga ndimaponya ndili kunja kwa mpanda. Nsomba zilimo zambiri tsopano, zina zazikulu ngati mkono, ndipo anzanga akabwera amati ndine wopusa kapena wokhwima. Ndimawauza kuti ndi zoonera.

Mwana anabwera Loweruka lija. Anakhala nafe milungu isanu, akugona m'chipinda cha laimu, ndipo usiku uliwonse wa milungu imeneyo ine ndinkapemphera kolona, chinthu chimene ndinali nditasiya kalekale. Anachira kuchipatala m'mawa wina mvula yoyamba ikugwa. Mwana wamkazi, wolira mokweza ngati alamu anga.

Khoma la kuchipinda kwathu limachita chinyezi m'munsi, mizere itatu ya njerwa, ngakhale m'chilimwe. Womanga wina anandiuza kuti tinalakwitsa posaika pulasitiki pamaziko, ndipo ndikuganiza kuti akunena zoona. Bedi sitinasunthe. Ndinafunsapo kamodzi ngati tisunthe, akazi anga anati lili bwino pomwepo.

Tsiku lotulutsa khanda m'chikuta, mchombo utagwa, amayi anachita zawo m'nyumba, ine ndili pansi pa mpapaya. Dzuwa litafika paliwombo ndinaona akazi anga akutuluka ndi khandalo m'manja, osapita kumaso kumene kunali alendo, koma kuseri. Ndinawatsatira chapatali n'kuima pakona. Kunali zii monga mwa masiku onse, nsomba zitandanda, nkhasi ili pamwala. Anafika pampanda wa bango, anavundukula kansalu kumaso kwa khanda, n'kulitukula pang'ono kuti liyang'ane kumadzi. Nkhasi inasolola khosi.

"Waona?" anatero kwa khandalo, motsitsa mawu, koma ndinamva. "Amalume ako awo."

Mpaka tsiku limenelo palibe amene anandiuzapo kuti anali mwamuna.